Subaru ya alamu anga ndi mafuta a nzimbe

Magalimoto ambiri othamanga omwe amaphokosera mu Great East Road Loweruka usiku anapangidwira petulo yemwe kuno sapezeka. Subaru Impreza WRX, Mitsubishi Lancer Evolution, Nissan Skyline, onsewa kwawo ndi ku Japan, komwe petulo wapamwamba amafika pa okiteni pafupifupi 100, ndipo kompyuta zawo zinakonzedwa poyembekeza petulo ameneyo. Galimoto ikatsika sitima pa Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde, imayamba kumwa zomwe yapeza. Petulo wathu si woipa. Corolla ndi Vitz zimayenda naye mpaka kukalamba. Koma injini ya turbo yomwe mwini wake amakonda kuponda moto imafuna zoposa pamenepo.

Vuto lake ndi kugogoda. Mu silinda, mpweya wosakanikirana ndi petulo uyenera kudikira kuti pulagi ithethetse moto, motowo ufalikire mwadongosolo n'kukankha pisitoni. Mukatentha kwambiri, turbo nayo yapanikiza mpweya wochuluka, mbali ina ya msakanizowo imaphulika yokha moto wa pulagi usanaifike. Mumamva kaphokoso kachitsulo, ti-ti-ti, makamaka pokwera chitunda giya ili yaikulu. Okiteni ndi muyeso wa mmene mafuta amapiririra kuti asaphulike okha chonchi. Kompyuta ikamva kugogoda imachedwetsa moto wa pulagi, galimoto n'kufooka. Ikalephera kugwira msanga, m'mphepete mwa pisitoni pomwe pamakhala maring'i mumang'aluka, ndiye kuti injini yotsitsa.

Lusaka amawonjezerapo zake. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Galimoto yopanda turbo imangochepa mphamvu basi. Ya turbo imayesa kubwezera: turbo imazungulira mopitirira, ndipo mpweya umatulukamo uli wotentha kuposa mmene ukanakhalira ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Pa Subaru, intercooler yoziziritsa mpweyawo anaikhazika pamwamba penipeni pa injini. Imani pa mzere wa magalimoto pa Manda Hill masana a mu Okutobala, kenako tsegulani boneti muikhudze. Dzanja simulisiyapo.

Ine ntchito yanga ndi zamagetsi a galimoto, ndili ndi kagalaja cha ku Kabwata. Mlongo wawo wa mayi akunyumba ali ndi Impreza WRX STI ya injini ya EJ20, yomwe amaisamala kuposa china chilichonse chomwe ali nacho. Tsiku lina anabwera foni ili m'manja.

"Alamu, taonani anzathu a ku Joni. Akuthira ethanol, galimoto ngati yangayi ikuchita kuuluka. Ifeyo tingalephere?"

"Kuuluka iuluka, alamu," ndinatero. "Koma ethanol ameneyo muzimutenga kuti, ndipo mudziwa bwanji kuti amene mwagula lero ndi wofanana ndi wa mwezi watha?"

Funso loyambalo linali losavuta kuyankha. Lachiwirilo ndi lomwe linatitengera nthawi ndi ndalama, ndipo ndi lomwe landichititsa kulemba.

Zomwe anaona pa foni si bodza. Ethanol ndi sipiriti wopangidwa kuchokera ku zomera monga nzimbe. Ethanol weniweni ali ndi okiteni pafupifupi 108, ndipo E85, yemwe ndi msakanizo wa magawo 85 a ethanol ndi 15 a petulo, amapitirira 100. Chachiwiri n'chakuti amaziziritsa. Aliyense amene anapakidwapo sipiriti pa mkono asanabayidwe jakisoni akudziwa kuzizira komwe kumabwera pamene sipiritiyo akuuma. Zomwezo zimachitika m'njira ya mpweya wa injini: ethanol akamasanduka nthunzi amayamwa kutentha kuposa kawiri poyerekeza ndi petulo wolemera chimodzimodzi. Mpweya wozizira suphulika msanga, choncho mungathe kuwonjezera kupanikiza kwa turbo ndi kufulumizitsa moto wa pulagi popanda kugogoda. Mphamvu imachokera pamenepo. Kampani ya ku Sweden ya Koenigsegg inaonetsa zimenezi mu 2007: galimoto yawo ya CCX inkatulutsa 806 horsepower pa petulo, koma inzake ya CCXR yokonzedwera E85 inafika 1,018. Ku Australia, mpikisano wa V8 Supercars unayamba kugwiritsa ntchito E85 mu 2009, ndipo ethanol wake ankachokera ku nzimbe.

Anyamata a Toyota Altezza andimvere apa. Injini yanu ilibe turbo, ndiye palibe chopanikiza chomwe mungawonjezere. Mudzapindula pang'ono kwambiri, kosagwirizana ndi ndalama zomwe mudzalowetse. Gulani matayala abwino.

Walira mvula walira matope. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yokwana magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Petulo amayaka bwino pamene magawo 14.7 a mpweya akumana ndi gawo limodzi la mafuta. Ethanol amafuna magawo 9 okha a mpweya, ndipo E85 pafupifupi 9.8. Tanthauzo lake n'lakuti pa mpweya womwewo injini iyenera kulandira mafuta ochuluka ndi 30 peresenti kapena kuposerapo. Galimoto yomwe inkayenda makilomita 9 pa lita idzayenda 6 kapena 7. Ndipo chilichonse chomwe mafuta amadutsamo, kuyambira mu thanki mpaka mu silinda, chiyenera kukula.

Mainjekita a STI, tizipangizo topopera mafuta mu injini, ndi a 550cc kapena pamwamba pang'ono. Pa petulo amakwanira, pa E85 amatseguka mpaka mapeto koma mafuta osakwana, ndipo injini ya turbo yoperewera mafuta imasungunula pisitoni. Tinaika a 1,000cc. Pampu ya mu thanki tinachotsa n'kuika yaikulu yomwe opanga ake analemba poyera kuti imapirira ethanol. Ambiri amalekera pomwepa, ndipo apa ndi pomwe ine ndimakangana ndi anzanga. Pampu yaikulu imakoka magetsi ambiri, pamene waya wopita ku thanki ndi wowonda, wa zaka zoposa makumi awiri, wodutsa m'mapulagi omwe anachita dzimbiri. Mukayeza pa batire injini ikulira mupeza mavoti 14, koma pa pampu pakufika 12 kapena kucheperapo. Pampu yolandira magetsi ochepa imazungulira mofooka, ndipo kufookako sikuoneka galimoto itaima pa galaja. Kumaoneka pa giya yachinayi turbo itadzaza, nthawi yomwe injini ikufunitsitsa mafuta. Ndinakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, fyuzi yake pafupi ndi batire pomwepo, relay yake, ndi waya wa ethi womangidwa pa chitsulo chopala bwino. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi, mtengo wake sufika ngakhale wa injekita imodzi, koma ndi imene imasunga injini.

Mapaipi akale a labala tinasintha n'kuika a pulasitiki ya PTFE, chifukwa ethanol amaumitsa labala wakale mpaka kung'aluka. Sefa ya mafuta tinaika yatsopano, ndipo patangopita nthawi yochepa tinaichotsanso n'kuidula pakati ndi sowo kuti tione. M'mapindo mwake munali phala lofiirira, lomata m'zala, lonunkhira motsekemera, losakanikirana ndi tizidutswa ta dzimbiri tonyezimira padzuwa. Limenelo ndi litsiro lomwe petulo anasiya m'makoma a thanki kuyambira galimoto ili ku Japan. Ethanol amalisungunula lonse n'kulitumiza kutsogolo. Alamu anga atalikhudza anangoti, "Zonsezi zikanalowa m'mainjekita atsopano aja?" Zikanalowa ndithu.

Zonse ndatchulazi munthu akhoza kuziitanitsa, zikafika n'kumanga. Koma mu Lusaka simungaime pa filling station n'kuuza wothira mafuta kuti thirani E85. Ku America, ku France kapena ku Sweden, amene wasintha galimoto yake amakathira pa pampu, mafuta oyezedwa kale ndi akatswiri. Kuno mwini galimoto ndiye amagula mgolo kwa ogulitsa mankhwala a m'mafakitale, n'kumasakaniza yekha ndi zigubu. Malangizo ambiri omwe anyamata amawerenga analembedwa ndi anthu okhala pafupi ndi pampu yotere, ndipo sanena kanthu za munthu amene mafuta ake amasintha mgolo uliwonse.

Ethanol wa mu mgolo ali mitundu iwiri. Wotchezedwa mwa nthawi zonse amalekera pa 96 peresenti, zotsalazo ndi madzi, ndipo ngakhale mutamutcheza kangati sapitirira pamenepo. Kuti afike pa 99 n'kupitirira, fakitale iyenera kumuumitsa mwa njira ina yapadera. Wosakaniza ndi petulo ayenera kukhala woumitsidwayo. Wa 96 mukamusakaniza ndi petulo wambiri, kukazizira madzi amatha kupatukana n'kukhala pansi pa thanki pamodzi ndi ethanol, pomwe pampu imayamwira. Ngakhale woumitsidwayo amakoka chinyezi cha mu mpweya. Mgolo wosatseka bwino m'miyezi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, umakhala ukumwa madzi mwakachetechete.

Choncho timayeza. Pa shelefu ya galaja pali kabotolo kagalasi kotalika, kolembedwa mizere mpaka mamililita 100. Ndimathira madzi mpaka pa 50, kenako mafuta otapa mu thanki mpaka pa 100, n'kutseka ndi chala n'kukhutchumula. Poyamba zonse zimachita mbuu. Mukachikhazika pa tebulo, pang'onopang'ono mzere umayamba kuoneka: ethanol yense wathawira m'madzi pansi, petulo wayandama pamwamba, wachikasu pang'ono. Petuloyo akakhala mamililita 20, ndiye kuti pa 50 paja 30 anali ethanol, mafutawo ndi E60. Za madzi a mu mgolo timayeza ndi kachipangizo koyandama komwe opanga mowa amayezera ukali wa mowa wawo. Koma zida ziwirizi sizingakuuzeni ngati mu mgolomo muli methanol. Methanol amadya aluminiyamu ndi zitsulo zina za m'njira ya mafuta, ndipo kwa munthu ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha. Musagule mgolo wopanda chikalata cha fakitale chonena zomwe zili m'katimo, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Ndipo mgolowo usakhale kuseri kwa nyumba komwe ana amasewera kapena komwe wina angaganize kuti ndi chakumwa. Moto wa ethanol masana suoneka bwino, lawi lake ndi lotuwa, munthu amatha kuliponda asanalione. Chozimira moto cha ufa chizikhala pafupi nthawi zonse pothira.

Mnyamata wa laputopu amene anabwera kudzakonza kompyuta ndi waluso, ndimamulemekeza. Koma maganizo ake anali akuti tichite zachidule, tisaike sensa yoyeza kuchuluka kwa ethanol m'mafuta. "Ba mudala, sensa ni kutaya chabe ndalama. Tizachita tune ya E85, izayenda." Ndinakana, ndipo ndikanabe kwa aliyense wobwera pa galaja langa. Kompyuta yokonzedwera E85 yokha imakhulupirira kuti mu thanki muli E85 nthawi zonse. Tsiku lomwe mgolo watha, kapena muli pa ulendo, mwathira petulo, iyo ipitiriza kupanikiza turbo ndi kufulumizitsa moto ngati kale, pa mafuta omwe sangapirire. Mwina simungafike n'komwe kunyumba. Ngakhale osathira petulo, kusakaniza kwa pamanja kumaphonya: lero E80, mawa E65 chifukwa mu thanki munatsala petulo amene simunamuwerengere.

Sensa yomwe ndikunenayi ndi kachitsulo kokwana m'dzanja, kopangidwa ndi Continental, komwe magalimoto a General Motors a ku America amagwiritsa ntchito. Imamangidwa pa paipi ya mafuta, ndipo mafuta akamadutsa imatumiza uthenga wamagetsi ku kompyuta: 50 Hz ngati mulibe ethanol, 150 Hz ngati ndi ethanol yekhayekha. Mukaona 112 Hz, mafutawo ali ndi ethanol 62 peresenti. Kompyuta yomwe Subaru inabwera nayo siidziwa sensa imeneyi, ndiye tinaika ina yogula padera; za Link ndi Haltech ndi zomwe zimadziwika kwambiri. Pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, galimoto imakonzedwa kawiri, koyamba pa petulo wa pa pampu, kachiwiri pa ethanol wochuluka, ndipo kompyuta imadzisankhira pakati pa ziwirizo malinga ndi zomwe sensa yanena. Ntchito imawirikiza, ndalama nazonso. Komabe galimoto yotere mungaipatse mafuta alionse omwe mwapeza. Chimodzi chokha: sensa imasokonezeka ndi madzi, imawawerenga ngati ethanol. N'chifukwa chake kabotolo kagalasi ndi kachipangizo koyandama kaja sitinazitaye.

Titayesa tinaonanso zomwe okonza magalimoto ambiri amanena, kuti phindu lalikulu limabwera msanga. Pofika pa E40 kapena E50 kugogoda kumakhala kutatha kale pa turbo ya kukula kwa ya STI, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa E85 mphamvu imangowonjezekera pang'ono pamene mafuta akutha msanga. Kwa munthu wogula ethanol wa mu mgolo, E50 kapena E60 ndiye nzeru. Mgolo umakhalitsa, ndipo galimoto imalira bwino m'mawa.

Za m'mawazi si nkhani yaing'ono. Petulo ali ndi tizigawo tina topepuka tomwe timasanduka nthunzi ngakhale kukuzizira, pamene ethanol pansi pa madigiri 13 satulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kufika pansi pa madigiri 10. Sitata imazungulira, injini osagwira. Ku Sweden nyengo yozizira amatsitsa E85 kukhala E75 pa chifukwa chomwechi, ndipo magalimoto akale a ku Brazil anali ndi kathanki kakang'ono ka petulo kolizira injini. Ife tinawonjezera mafuta omwe kompyuta imapereka poliza injini yozizira. Koma mafuta owonjezerawo ena amatsetsereka m'makoma a silinda n'kulowa mu oyilo, choncho oyilo amasinthidwa msanga kuposa kale, makamaka ngati galimoto imangoyenda maulendo afupiafupi osatenthetsa bwino.

Chomwe chimandiwawa pa nkhani yonseyi n'chakuti mafuta omwe tikuvutikira chonchi ndi omera m'munda. Makilomita pafupifupi 130 kuchokera pomwe ndikulemba pano, ku Mazabuka, kuli minda ya nzimbe ya Nakambala. Popanga shuga pamatsala molasesi, madzi akuda onata aja, ndipo ethanol amapangidwa kuchokera mmenemo. Abale athu a ku Malawi anayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo mu 2004 inayambanso ya PressCane ku Chikwawa. Ambiri a ife a kum'mawa timadutsa pa Mwami n'kukathira mafuta ku Mchinji kapena ku Lilongwe osadziwa kuti m'petulomo muli nzimbe. Zimbabwe inayamba mu 1980 ku Triangle, pambuyo pake n'kumanga fakitale ya ku Chisumbanje. Brazil inayamba pulogalamu yake mu 1975 mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse. Mu 1979 inatulutsa Fiat 147 yoyendera ethanol yekha, ndipo kuyambira 2003 magalimoto omwa mafuta onse awiri anayamba kugulitsidwa kwa aliyense. Zomwe ife tachita ndi sensa ndi laputopu, kumeneko galimoto ya mphunzitsi imabwera nazo kuchokera ku fakitale.

Kuno boma linalengeza mu 2011 kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol mpaka 10 peresenti, koma zaka zambiri zinadutsa nkhaniyo ili pa pepala. Pakali pano dontho lililonse la petulo limachokera kunja ndipo limagulidwa ndi madola. Paipi ya TAZAMA, yomwe inamangidwa mu 1968 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, makilomita 1,710, kuyambira 2023 imanyamula dizilo, ndiye petulo amabwera pa mathanka a pa msewu. Sindikunena kuti tisandutse chimanga kukhala mafuta. Aliyense amene anaona chilala cha 2024 sangavomere zimenezo, ndipo ine ndingakhale woyamba kukana. Koma molasesi si nsima ya munthu. Sindikunenanso kuti dziko lipange ethanol chifukwa cha anyamata ochepa a Subaru. Ife ndife ochepa kwambiri. Wopindula weniweni angakhale wa minibasi ndi wa takisi, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a mafuta ake litamachokera ku Mazabuka. Ife tingangopempha kuti pa mapampu onse a mu Lusaka pakhale ngakhale imodzi ya E85 yoyezedwa ndi bungwe loyang'anira za mafuta la Energy Regulation Board, kuti migolo ichoke m'magalaja ndi m'makomo.

Mu Ogasiti tinapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500. Tinanyamuka thanki ya malita 60 itadzaza E60. Zigubu za ethanol sitinanyamule. Sindilola mafuta m'buti ya galimoto yomwe mwakwera anthu. Titawoloka mlatho wa Luangwa n'kukwera mapiri a ku Kacholola, tinaima pa Nyimba mu thanki mutatsala malita ngati 15, n'kudzaza petulo wamba. Alamu anga analiza injini maso ali pa kagalasi ka pa dashibodi. Nambala inayamba kutsika, 58, 44, 30, mpaka inakhazikika pa 15. Kompyuta inachepetsa yokha kupanikiza kwa turbo, n'kubweza m'mbuyo moto wa pulagi. Titalowa mu msewu anaponda moto n'kupukusa mutu.

"Yafooka, alamu."

"Yabwerera mmene inalili musanayambe zonsezi," ndinawayankha. "Muiona bwino tikafika ku Lusaka."

Pobwerera tinakwera mapiri omwe aja masana dzuwa likuswa mtengo, pa petulo wa ku Petauke. Nditalumikiza laputopu pa galaja kuti ndione zomwe kompyuta inasunga pa ulendo wonse, panalibe pomwe injini inagogoda.

Galimotoyo tsopano ili ndi mphamvu zoposa zomwe mabuleki ake anapangidwira, ndipo Great East Road ndi msewu wa njinga zonyamula makala, ana a sukulu ndi mbuzi. Ndawauza alamu anga kuti a inshuwalansi ayenera kudziwitsidwa zomwe tasintha, ndipo kuti E60 sabwereranso mu thanki mpaka titasintha mapadi, madisiki ndi mafuta a mabuleki. Zipangizozo taitanitsa kale, zikubwera kudzera pa Chirundu.